Eugene Levy ndi mphoto zimene zinawapeza ali kale ndi imvi

Mukatchula dzina la Eugene Levy kwa anthu a msinkhu wanga, ambiri amangokuyang'anani. Koma mungonena kuti bambo wa nsidze zikuluzikulu uja, wovala magalasi, amene ankalowa m'chipinda cha mwana wake pa nthawi yolakwika mu American Pie, pompo nkhope zimamasuka, ena n'kuyamba kuseka nkhani isanafike patali. Nkhope yawo inafika kwathu kuno kalekale kudzera m'nyumba zoonetsera mafilimu, koma dzina linatsalira m'mbuyo. Ineyo ndinayamba kutsatira mbiri yawo nditaonera Schitt's Creek, ndipo chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya mphoto zawo: zimene analandira, chaka chimene anazilandira, amene anawapatsa, ndi chimene ankawapatsira. Mukaziyala mphotozi motsatana zaka, mumaona bwino mmene dziko limachedwera kuzindikira mtundu wina wa luso.

Ndine mphunzitsi wa kusekondale, ndipo kalabu ya zisudzo pasukulu pathu ili m'manja mwanga. Chaka chilichonse pogawa mbali za sewero, ana amalimbirana mbali ya chidakwa, ya sing'anga wabodza, ya apongozi olongolola. Mbali ya munthu wamaganizo abwinobwino, amene ntchito yake ndi kuima pambali n'kumamvetsera zopusa za anzakeyo, palibe amaifuna. Amati ndi yozizira, makolo sadzawaombera m'manja. Chonsecho sewero lonse limatsamira pa munthu ameneyu. Chidakwa chikalankhula zopanda mutu, anthu saseka nthawi yomweyo ayi. Amayamba ayang'ana nkhope ya amene akumvayo, ndipo phwete limabwera akaona mmene iye wazilandirira. Amene munakula mukuonera Izeki ndi Jakobo mukudziwa chimene ndikunena: nthabwala inkaphulika pankhope ya amene wangouzidwa zodabwitsayo, pamene akuyesetsa kuti asapse mtima. A Levy ndi katswiri wa ntchito imeneyi, ndipo kuti alandire Emmy, mphoto yaikulu ya pa TV ku America, chifukwa cha kusewera kwawo anadikira mpaka atakwanitsa zaka 73.

Anabadwa pa 17 Disembala 1946 mumzinda wa Hamilton, m'chigawo cha Ontario ku Canada, mzinda wodziwika ndi mafakitale a zitsulo. Banja lawo ndi la Chiyuda. Anaphunzira pa yunivesite ya McMaster mumzinda womwewo, kumene kunalinso Martin Short, Dave Thomas ndi Ivan Reitman, anthu amene pambuyo pake onse anadzatchuka pa nthabwala ndi mafilimu. Mu 1972 analowa m'sewero loyimba la Godspell ku Toronto, ndipo gulu la sewero limenelo mpaka lero anthu a ku Canada amalitchula modabwa, chifukwa munali Gilda Radner, Martin Short, Andrea Martin ndi Victor Garber, pamene nyimbo ankatsogolera ndi Paul Shaffer. Onsewa anali achinyamata osadziwika. Kuchoka pamenepo a Levy analowa gulu la Second City la ku Toronto, gulu lopeka nthabwala pomwepo pamaso pa anthu popanda cholemba, ndipo mu 1976 gululi linayambitsa pulogalamu ya pa TV yotchedwa SCTV.

Maganizo a SCTV anali osavuta koma anzeru. Ankanamizira kuti ndi kanyumba koulutsira TV ka m'tauni yongopeka yotchedwa Melonville, ndiye chilichonse chimene TV imaonetsa, iwo ankachisewera mwanthabwala: nkhani, malonda, mafilimu a usiku, mapulogalamu ocheza ndi anthu otchuka. A Levy ankasewera anthu ambirimbiri. Panali Earl Camembert, wowerenga nkhani wodzimva koma wosadziwa ntchito. Panali Bobby Bittman, wanthabwala wa m'mahotela wodzaza mphete m'zala, waphokoso, wodziyesa wofunika kuposa mmene analili. Ndikutchula Bittman dala, kuti pasakhale woganiza kuti a Levy amakhala chete chifukwa phokoso saalitha. Amalitha bwino lomwe. Kudekha kumene tinadzakuona pambuyo pake anachita kusankha.

Mphoto zawo zoyamba zikuluzikulu zinachokera kumeneku. SCTV itayamba kuonetsedwa pa NBC ku America mu 1981, inalowa mumpikisano wa Emmy, ndipo mu 1982 ndi 1983 inapambana mphoto ya kalembedwe kabwino ka pulogalamu ya zisangalalo zosiyanasiyana. Mu 1983 zinachita kunyanya: magawo onse asanu amene ankapikisana pa mphoto imeneyi anali a SCTV yomweyo, ndiye kuti inkapikisana yokhayokha. A Levy anali m'gulu la opambana zaka zonse ziwiri. Koma taonani bwino mtundu wa mphotozi. Zinali za kulemba, osati kusewera, ndipo zinali za gulu, mayina ambirimbiri pa chikho chimodzi, kuphatikizapo John Candy, Joe Flaherty ndi Andrea Martin. Sindikuzipeputsa ayi. Kulemba nthabwala za sabata ndi sabata ndi ntchito yowawa, ndipo amene anayesapo kulemba ngakhale kasewero ka mphindi khumi akudziwa. Ndikungonena kuti pa nthawi imeneyo palibe anaitana Eugene Levy payekha kuti abwere kutsogolo.

Pali kanthu kena kokhudza chaka cha 1983 kamene ndimakakonda. Mwana wawo wamwamuna, Daniel, anabadwa mu Ogasiti chaka chimenecho, ndipo mwambo wa Emmy unachitika mu Seputembala. Ndiye kuti pamene bambo ankalandira Emmy yachiwiri, kunyumba kunali khanda la mwezi umodzi. Emmy yachitatu inadzabwera patapita zaka 37, kudzera m'sewero limene analiyambitsa limodzi ndi khanda lomwelo.

Zaka za pakatipo sanakhale manja lende. SCTV itatha mu 1984 ankapezeka m'mafilimu ambiri, nthawi zambiri pa mbali zing'onozing'ono: wasayansi wovutitsa mu Splash, wogulitsa magalimoto, dokotala, loya, munthu amene amalowa mphindi zisanu n'kutuluka. Kenako mu 1999 kunabwera American Pie. Kunena zoona filimu imeneyi si yoti ndingaonetse ana a sukulu, ndipo zambiri za mmenemo ndi zachibwana. Koma bambo a mnyamata Jim, mbali imene a Levy anasewera, ndi chinthu china. Munthu wina akanasewera mbali imeneyi ngati bambo wolusa, kapena ngati bambo wofuna kudzionetsa kuti nayenso ndi mnyamata. A Levy anaisewera ngati kholo lenileni limene likuchita manyazi kuposa mwana wakeyo, koma likuumirirabe kumuthandiza chifukwa limamukonda. Nchifukwa chake timaseka koma sitimunyoza. Anabwereza mbali imeneyi m'mafilimu asanu ndi atatu, ena mwa iwo osalongosoka n'komwe, ndipo kwa zaka zambiri dziko lonse kunja kwa Canada linkawadziwa ndi nkhope imeneyi basi. Ndalama inalipo, kutchuka kunalipo, koma mbali zotere sizibweretsa zikho zikuluzikulu.

Apa ndi pamene nkhani imandikomera. Pa zaka zomwezi, pamene Hollywood inkawaona ngati munthu wodzazira mpata, kwawo ku Canada anayamba kuwalemekeza, ndipo anachita zimenezi pang'onopang'ono, sitepe ndi sitepe. Mu 2002 gulu lonse la SCTV linapatsidwa malo pa Canada's Walk of Fame, msewu wa ku Toronto umene amalembapo pansi mayina a anthu amene atchukitsa dzikolo. Mu 2006 a Levy anapatsidwa malo awoawo pamsewu womwewo. Mu 2008 analandira Governor General's Performing Arts Award, ulemu waukulu kwambiri umene Canada imapereka kwa anthu a zisudzo, nyimbo, magule, mafilimu ndi wailesi. Mphoto imeneyi inakhazikitsidwa mu 1992, imaperekedwa m'dzina la Bwanamkubwa amene amaimira mfumu ya dzikolo, ndipo siyang'ana sewero limodzi kapena chaka chimodzi koma ntchito ya moyo wonse. Wolandira amapatsidwa mendulo ndi madola 25,000 a ku Canada, kenako pamakhala chisangalalo ku National Arts Centre mumzinda wa Ottawa. Bwanamkubwa wa nthawi imeneyo anali mayi Michaëlle Jean. A Levy anali ndi zaka 61.

Taganizirani tanthauzo la zimenezi. Mu 2008 Schitt's Creek kunalibe, ngakhale m'maganizo mwa munthu. Anthu amene anakhala pansi n'kusankha dzina la a Levy anali ndi SCTV m'manja, mafilimu amene analemba ndi Christopher Guest, ndi mulu wa timbali ting'onoting'ono. Anayang'ana zimenezo n'kunena kuti zakwana. Sanadikire kuti America iyambe yavomereza. Kwa dziko ngati Canada zimenezi si zapafupi, chifukwa ili pafupi kwambiri ndi msika waukulu wa zisangalalo padziko lonse, chilankhulo n'chimodzi, ndipo aluso ake ambiri amasamukira ku Los Angeles kapena New York. N'kosavuta kuti dziko lotere lizingoyembekeza kuti mnansi wamkuluyo aloze chala kaye, ilo n'kumadzaombera m'manja pambuyo. Pa nkhani ya a Levy zinayenda mosiyana.

Mu 2011 analowetsedwa mu Order of Canada. Ndifotokozeko pang'ono za ulemu umenewu chifukwa kayendetsedwe kake kamandisangalatsa. Unakhazikitsidwa mu 1967, chaka chimene Canada inkakwanitsa zaka 100, ndipo uli ndi masitepe atatu: Member, Officer, ndi pamwamba penipeni Companion. Munthu wamba aliyense atha kutumiza dzina la munthu amene akumuona kuti ndi woyenera. Mayinawo amaunikidwa ndi bungwe la alangizi limene wapampando wake ndi jaji wamkulu wa dzikolo, ndipo Bwanamkubwa ndi amene amalengeza. Andale amene ali paudindo saloledwa kulandira. Mendulo yake anaipanga mooneka ngati kachidutswa ka chipale chofewa, pakati pali tsamba la mtengo wa maple lomwe lili pa mbendera yawo. Chimene chimandikhudza ndi chakuti pamndandanda womwewo pamene pamalembedwa madokotala ofufuza za khansa, majaji opuma ndi atsogoleri a mitundu ya eni nthaka, pamalembedwanso munthu amene ntchito yake ndi kukweza nsidze pa nthawi yoyenera. A Levy analowa pa sitepe ya Member, ndipo powalemekeza anatchula zonse ziwiri, luso lawo komanso ntchito zachifundo zimene akhala akuthandiza. Mwa zina, akhala akulankhulira ana amene ali ndi vuto la autism kuti boma liziwathandiza kupeza chisamaliro.

Si iwo okha a nthabwala amene ali mu Order of Canada. Martin Short alimo, Catherine O'Hara analowa, Rick Mercer wa mapulogalamu oseka andale naye alimo. John Candy, amene ambiri amati ndiye anali mtima wa SCTV, anamwalira mu 1994 ku Durango m'dziko la Mexico akujambula filimu, ali ndi zaka 43 zokha. Ulemu wambiri umene anzake anadzalandira atakalamba iye sanauone. Bungwe la mtengatenga la Canada linadzaika nkhope yake pa sitampa mu 2006, patatha zaka 12 ali m'manda. Ndikamawerenga mndandanda wa mphoto za a Levy ndimakumbukira kuti zina mwa izo zinafuna chinthu chimene munthu sadzipatsa yekha, ndicho moyo wautali.

Tsopano Schitt's Creek. Daniel, amene ambiri amangomutchula kuti Dan, ndi amene anabwera ndi ganizo kwa bambo ake: banja lolemera kwambiri likalandidwa chilichonse, chimatsala n'chiyani? Anakonza limodzi nkhani ya banja la a Rose. Johnny Rose analemera ndi masitolo obwereketsa mafilimu, koma amene ankamusungira chuma anamubera, boma n'kulanda zotsala. Chimene anawasiyira ndi katauni kakumidzi kamene Johnny anagulira mwana wake mwanthabwala pa tsiku lobadwa. Banja lonse, bambo, mayi ndi ana awiri akuluakulu, likukakhala m'zipinda ziwiri zoyandikana za kamotelo kakutha. Seweroli linayamba pa CBC, wailesi yakanema ya boma la Canada, mu Januwale 2015, ndipo linatha mu Epulo 2020 litakwanitsa magawo 80 m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Zambiri za panja anajambulira m'kamudzi kotchedwa Goodwood ku Ontario. Inali ntchito ya pabanja ndithu: a Levy ankasewera Johnny, Dan ankasewera David mwana wa Johnny, mwana wamkazi wa a Levy, Sarah, ankasewera Twyla wa kumalo odyera, ndipo mchimwene wa a Levy, Fred, anali m'gulu la oyendetsa ntchitoyo.

Mukaonera seweroli, maso amathamangira kwa ena. Catherine O'Hara ngati Moira, mkazi wa Johnny, ali ndi mawigi ake ndi kalankhulidwe kosadziwika kwawo. Annie Murphy ngati Alexis, mwana wawo wamkazi, ali ndi timanja take topinda. Dan ali ndi majuzi akuda ndi nkhope yonyansidwa ndi chilichonse. Chris Elliott ngati meya Roland ndi munthu wosadziwa malire. Pakati pa onsewa pali Johnny, atavala suti yake tsiku lililonse ngakhale kulibe ofesi yopitako, akuyesa kuti zinthu ziyende. Alibe mawu akeake oti anthu aziwabwereza pa intaneti. Ntchito yake ndi kumva, kudabwa, kumeza mawu, kuyesanso. Muchotseni, enawo asanduka anthu ongochita misala, chifukwa palibenso woonetsa kuti zimene akuchitazo n'zachilendo.

Pali malo amodzi amene ndimawaonetsa ana a kalabu yanga, kumapeto kwa chigawo chachiwiri. Johnny ndi Moira akumana mwangozi ndi anzawo akale olemera pamalo odyera, ndipo Roland ndi mkazi wake Jocelyn akhala nawo patebulo lomwelo. Olemerawo ayamba kunyoza katauni kaja, osadziwa kuti akunyoza kwawo kwa anthu amene akhala nawo. Kwa kanthawi ndithu Johnny sakunena kanthu, akungosekerera mokakamiza. Mukamuyang'anitsitsa mukuona munthu akulimbana ndi mtima wake: akufunabe kuti anthu akalewa amuwerengere, komanso akuchita manyazi ndi kufuna kumeneko. Kenako akulankhula, osakweza mawu kwenikweni, kuwakumbutsa kuti pa mavuto onse aja iwo sanaimbeko ngakhale foni, pamene anthu akuwasekawa ndi amene anawalandira. Mawuwo ndi abwino, koma mphamvu yake yachokera m'kachetechete kamene kanatsogola. Ndimaimitsa kanemayo pamenepo n'kuwafunsa anawo kuti andiuze nthawi imene Johnny wasintha maganizo. Amaloza malo osiyanasiyana, koma onse amaloza asanatsegule pakamwa.

Apanso kwawo ndi kumene kunayamba kuona. Pa Canadian Screen Awards za 2016, mphoto zimene zinakhazikitsidwa mu 2013 pophatikiza za TV ndi za mafilimu, Schitt's Creek inapambana ngati sewero lanthabwala labwino koposa, a Levy anapambana ngati mwamuna wosewera bwino, ndipo mayi O'Hara ngati mkazi wosewera bwino. Amene ankatsogolera mwambowo anali wanthabwala Norm Macdonald, ndipo anapempha kuti zikhozo azizitchula dzina la John Candy. Ku America nthawi imeneyo seweroli linkaonetsedwa pa kanyumba kakang'ono kotchedwa Pop, ndipo ochepa okha ndi amene ankalidziwa. Zinthu zinasintha litaikidwa pa Netflix mu 2017. Anthu anayamba kuuzana okhaokha, ndipo chiwerengero cha oonera chinkakwera chaka ndi chaka m'malo motsika monga zimakhalira ndi masewero ambiri. A Emmy anadzalizindikira mu 2019, pa chigawo chachisanu, pamene linasankhidwa kupikisana pa mphoto zinayi. Silinapate ngakhale imodzi.

Kenako usiku wa pa 20 Seputembala 2020. Kunali mliri wa Covid-19, choncho holo ya ku Los Angeles inali yopanda anthu, Jimmy Kimmel akutsogolera mwambo pamaso pa mipando. Opikisana anali m'nyumba zawo ndi makamera. Gulu la Schitt's Creek linasonkhana ku Casa Loma, chinyumba chakale chooneka ngati cha mafumu mumzinda wa Toronto, atavala zotseka pakamwa. Mphoto zisanu ndi ziwiri zoyambirira za usikuwo zinali za masewero anthabwala, ndipo zonse zisanu ndi ziwiri zinapita kwa iwo, motsatizana. Mayi O'Hara anayamba. Kenako a Levy, amene ankapikisana ndi Ted Danson, Michael Douglas, Don Cheadle, Anthony Anderson ndi Ramy Youssef. Kenako Dan pa kulemba, Dan ndi Andrew Cividino pa kutsogolera kujambula, Dan pa mbali yothandizira, Annie Murphy pa mbali yothandizira ya akazi, ndipo pomaliza sewero lonse. Chiyambire Emmy, panalibe sewero lanthabwala kapena la nkhani zolemera limene linatengapo mphoto zonse zinayi za osewera m'chaka chimodzi. Pophatikiza ziwiri zimene anapata masiku ochepa mwambo waukuluwo usanachitike, ya kusankha osewera ndi ya zovala, zonse zinakwana zisanu ndi zinayi.

A Levy anatuluka ndi ziwiri usiku umenewo, ya kusewera ndi ya sewero lonse monga mmodzi wa eni ake, ndiye Emmy zawo zonse zinakwana zinayi. Polandira ya kusewera ija anathokoza mkazi wawo Deborah Divine, amene anakwatirana naye mu 1977, ndi ana awo awiri amene ankagwira nawo ntchito. Dan anali chapafupi, maso ali jenjenje ndi misozi. Ndaonera kanema wa mphindi zimenezo kambirimbiri, ndipo chimene chimandikhudza ndi chakuti mphoto yaikulu ya moyo wawo anailandirira kwawo, ku Toronto, mzinda womwe anayambira Godspell zaka 48 m'mbuyomo. Mliri ndi umene unachititsa, koma zinakhala bwino choncho.

Ena amati mphoto zimenezi zinachuluka chifukwa cha nthawi. Anthu anali otsekeredwa m'nyumba, ali ndi mantha, ndiye sewero la banja lophunzira kukondana linawafika pamtima kuposa mmene likanachitira chaka china. Amatinso a Emmy amakonda kupereka mphoto kwa sewero limene likutsanzika, komanso kwa munthu wachikulire amene akuona kuti anamulakwira kale. Mfundo zimenezi zili ndi choonadi chake, sindikana. Ted Danson nayenso anasewera bwino kwambiri chaka chimenecho, ndipo akanapambana sindikanati abera. Koma ngati ovota anali kubweza ngongole, ngongoleyo inalipodi, ndipo ntchito ya a Levy m'chigawo chomaliza inali yokwana payokha. Onerani mmene Johnny akutsanzikana ndi Stevie, mtsikana wa pamotelo amene anasanduka ngati mwana wake wachitatu, mudzandiuze ngati pamenepo pakufunika chifundo cha ovota.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Kumayambiriro kwa 2021 seweroli linapata Golden Globe, mphoto ina ya ku America ya mafilimu ndi TV, ndipo gulu lonse la osewera linapata mphoto ya Screen Actors Guild, imene amavota ndi osewera anzawo. Kumapeto kwa Disembala 2022 Bwanamkubwa Mary Simon, munthu woyamba wa mtundu wa eni nthaka kukhala paudindowu, analengeza kuti a Levy akwezedwa kuchoka pa Member kufika pa Companion. Sitepe ya pakati ija anaidumpha. Chiwerengero cha anthu amoyo amene angakhale pa sitepe ya pamwambayi ndi chochepa ndipo chili ndi malire ake m'malamulo, choncho si ulemu womwazidwa mwachisawawa. Tsiku lomwelo katswiri wa masewero a hockey Sidney Crosby analowa pa Officer. M'dziko limene hockey ndi ngati chipembedzo, wanthabwala wa ku Hamilton anaikidwa sitepe imodzi pamwamba pa Crosby.

Mu Malichi 2024 anapatsidwa nyenyezi pa Hollywood Walk of Fame, patatha zaka 18 chilandirire ya ku Toronto. Imeneyi sindiiwerengera kwambiri. Nyenyezi za ku Hollywood zimafuna kuti wina akulembetseni ndipo wina alipire madola masauzande ambirimbiri, ndiye nthawi zambiri zimayendera limodzi ndi kutsatsa malonda a filimu kapena pulogalamu yatsopano. Chimene ndinachiona cholemera chaka chimenecho chinachitika mu Seputembala, pamene a Levy ndi Dan anatsogolera mwambo wa Emmy, koyamba kuti bambo ndi mwana wake wamwamuna achite zimenezi limodzi. Ngakhale pamenepo, pa nsanja yaikulu chotero, anagawana ntchito monga mwa nthawi zonse: mwana akuthamanga ndi mawu, bambo akumuyang'ana.

Pali mphoto imodzi imene sanalandire, ya Oscar, yaikulu ya mafilimu ku America, ndipo imandiwawabe. Kuyambira 1996 mpaka 2006 a Levy analemba mafilimu anayi ndi Christopher Guest: Waiting for Guffman, Best in Show, A Mighty Wind ndi For Your Consideration. Kalembedwe kake n'kachilendo. Awiriwa ankalemba mafupa a nkhani ndi mbiri ya munthu aliyense wa m'filimumo, koma mawu enieni osewera ankapeka okha kamera ikujambula. Mu A Mighty Wind ya 2003, a Levy anasewera Mitch Cohen, woyimba wa zaka za m'ma 1960 amene mutu unasokonekera chikondi chake ndi woyimba mnzake Mickey chitatha. Patapita zaka zambiri awiriwa akuitanidwa kuti adzayimbenso limodzi usiku umodzi. Mickey ndi Catherine O'Hara. Mitch amalankhula pang'onopang'ono ngati liwu lililonse akulitola patali, maso ali tong'o, imvi zili nyankhalala. Poyamba mumaseka. Filimu ikamapita mumazindikira kuti munthuyu ndi wosweka zenizeni, ndipo akamayimba nyimbo yawo yakale, imene pakati pake pamayenera kukhala kupsompsonana, holo yonse ya m'filimumo ndi inu oonera mumagwira mpweya limodzi.

Filimu imeneyi inawapatsa Grammy, mphoto ya nyimbo ya ku America, mu 2004, pamodzi ndi Guest ndi Michael McKean, chifukwa cha nyimbo ya mutu wa filimuyo. Kachiwirinso, mphoto ya kulemba, ya gulu. Olemba za mafilimu a mumzinda wa New York, bungwe la New York Film Critics Circle, ndi amene anaona bwino: anawasankha kukhala mwamuna wosewera bwino koposa pa mbali yothandizira m'chaka cha 2003, chinthu chosowa kwa munthu wa filimu yanthabwala. Koma a Oscar sanawaike ngakhale pamndandanda wa opikisana asanu. Pamndandandawo panali Tim Robbins, amene anapambana, Alec Baldwin, Benicio del Toro, Djimon Hounsou ndi Ken Watanabe, onse a mafilimu a nkhani zolemera. A Levy anafikabe pa nsanja ya Oscar usiku umenewo, chifukwa nyimbo ya Mitch ndi Mickey ija, imene analemba McKean ndi Annette O'Toole, inkapikisana nawo pa nyimbo. Iwo ndi mayi O'Hara anaiyimba atavala ngati anthu a m'filimu aja, osatuluka m'mbali zawo mpaka kumapeto, pamaso pa anthu omwewo amene sanawavotere. Mwa amuna asanu aja ndikanachotsapo mmodzi mosavutika mtima kuti Mitch Cohen alowe.